Lipoti la Nkhani: Malire a Helikopita za Odwala Potera Padenga la Zipatala mu London

Lipoti ili likunena za mabwalo awiri otera helikopita amene ali padenga la zipatala mumzinda wa London, lina ku King's College Hospital ku Denmark Hill ndipo lina ku Royal London Hospital ku Whitechapel. Ndalilemba monga munthu amene amagwira ntchito yolandira ovulala obwera pa helikopita ndi kuunika chitetezo cha malo oterapo, choncho ndakhazikika pa zimene zimachititsa kuti ndege itere kapena ikanike kutera, osati pa chithandizo chimene wodwala amalandira akalowa m'chipatala. Anthu ambiri, kuphatikizapo madokotala ena, amaganiza kuti bwalo likangomangidwa padenga ndiye kuti helikopita izitera nthawi ina iliyonse imene yafunika. Sizili choncho. Bwalo la padenga limathetsa vuto limodzi lalikulu, la mtunda wa pakati pa ndege ndi chipinda cholandirira ovulala, koma limabwera ndi malire ake, ndipo ambiri mwa malirewo gwero lake ndi limodzi: pamwamba pa nyumba yaitali, pakati pa mzinda wothithikana, palibe malo opatukirapo zinthu zikavuta.

Mmene mabwalowa anabwerera

Mu 2010 mzinda wa London unasintha kasamalidwe ka anthu ovulala kwambiri. M'malo mothamangira nawo kuchipatala chapafupi, anayamba kuwatengera kuzipatala zinayi zimene zimakhala ndi madokotala a opaleshoni ndi zipangizo zonse usana ndi usiku, zomwe ndi Royal London, King's College, St George's ku Tooting ndi St Mary's ku Paddington. Kusinthaku kunatalikitsa maulendo a odwala ambiri, makamaka ovulalira kunja kwa mzinda, pakuti King's College imalandiranso anthu ochokera ku Kent ndi ku Medway.

Chisanafike chaka cha 2016, helikopita yobweretsa wodwala ku King's College inkatera mu Ruskin Park, paki yoyandikana ndi chipatalacho. Pamapu mtundawo ndi waufupi, koma ntchito yake inali yaitali, chifukwa anthu ankayenera kuchotsedwa pamalo oterapo, ambulansi inkayenera kukhala itafika kale, ndipo wodwala ankatsitsidwa m'ndege n'kukwezedwa m'galimoto limodzi ndi mabotolo a mpweya, makina opumira ndi mapaipi a magazi, kenako n'kutsitsidwanso pakhomo la chipatala. Zonsezi zinkatha kutenga mphindi 25. Vuto silinali la nthawi yokha, popeza munthu wothyoka mafupa a m'chiuno kapena wovulala m'mutu akamanyamulidwa kawirikawiri, paipi ikhoza kusololoka ndipo magazi amene anayamba kuundana akhoza kuyambiranso kutuluka. Bwalo la padenga la Ruskin Wing, nyumba ya nsanjika 10, linatsegulidwa mu Okutobala 2016 ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino komanso bungwe la HELP Appeal, limene limathandiza zipatala kumanga mabwalo otera helikopita, ndipo nthawi ija inatsika kufika pa mphindi pafupifupi 5.

Ku Royal London nkhani ndi yosiyana pang'ono. Bungwe la London's Air Ambulance, limene limayendetsa helikopita ya odwala mumzindawu, linayamba ntchito mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri linkanyamukira padenga la nyumba yakale ya chipatalacho. Bwalo la masiku ano lili pamwamba pa nyumba yatsopano imene inatsegulidwa mu 2012, pa nsanjika ya 17, mamita pafupifupi 87 kuchokera pansi. Pamenepa helikopita imaswerapo tsiku lonse kudikira kuitanidwa, pamene bwalo la King's College ndi lolandirira ndege zochokera kwina. St George's inatsegula bwalo lake la padenga mu 2014, koma St Mary's ilibe, moti wodwala wopita kumeneko amamalizabe ulendo wake pamsewu.

Miyezo ya mabwalo otere ku Britain ili m'buku la malangizo la CAP 1264, limene bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority linatulutsa koyamba mu 2016. Bukuli limawerengera bwalo lililonse lokwezeka mamita 3 kapena kuposerapo kuchokera pa nthaka yozungulira kukhala bwalo la pamwamba, ndipo zofunika pa bwalo lotero n'zokhwima kuposa za bwalo la pansi.

Injini imodzi ikazima

Malire oyamba, amenenso amabala ena ambiri, ndi a mphamvu ya ndege. Helikopita yotera padenga pakati pa mzinda iyenera kukhala ya injini ziwiri, ndipo iyenera kuyendetsedwa mwa dongosolo limene malamulo amalitcha Performance Class 1. Lamuloli limafuna kuti injini imodzi ikazima pa nthawi ina iliyonse ya kunyamuka kapena kutera, ndegeyo ithe kubwerera pabwalo osawonongeka, apo ayi ithe kupitiriza ulendo ndi injini yotsalayo popanda kugunda kanthu. Kubwalo la ndege lalikulu zimenezi sizivuta, chifukwa kutsogolo kumakhala kapinga kapena msewu wa ndege wotalika pomwe woyendetsa akhoza kutsikirapo. Padenga, kutsogolo kuli phompho, ndipo pansi pa phompholo pali mabasi, sitima ndi nyumba za anthu.

N'chifukwa chake munthu woyang'ana helikopita ikunyamuka padenga la chipatala amadabwa kuona kuti, m'malo molunjika kutsogolo, imayamba n'kukwera pang'onopang'ono chobwerera m'mbuyo. Woyendetsa amachita dala zimenezi kuti bwalo likhale likuonekabe pa galasi la kumapazi kwake, kuti injini ikazima angotsikira pomwe wachokera. Akafika pa msinkhu umene buku la ndegeyo linaika, amanena mokweza kuti mnzake amve, kenako amaweramitsa mphuno ya ndege n'kuyamba kuthamanga. Akapitirira msinkhu umenewo kubwerera kulibe. Injini ikazima pamenepo, iye ayenera kulola ndege kutsika kuti ipeze liwiro lokwanira kuuluka ndi injini imodzi, ndipo potsikapo ikhoza kufika m'munsi mwa msinkhu wa denga lenilenilo isanayambenso kukwera. Potera palinso msinkhu wofanana nawo, umene woyendetsa asanaupitirire akhoza kusiya kutera n'kuzungulira, koma akaupitirira ayenera kutera basi, ngakhale injini itazima.

Dongosolo limeneli limatheka pokhapokha ndege ikakhala yosalemera kupitirira mlingo, ndipo mlingowo umasintha ndi nyengo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho mapiko amagwira mpweya wochepa ndipo injini imatulutsa mphamvu yochepa. M'buku la ndege iliyonse muli tebulo losonyeza kulemera kololedwa pa kutentha kwakutikwakuti ndi pa msinkhu wakutiwakuti kuchokera kunyanja. Airbus H135, mtundu umene London's Air Ambulance inayamba kugwiritsa ntchito mu 2024 m'malo mwa MD902 Explorer, imalemera matani pafupifupi 3 ikadzaza, pamene AW169, imene bungwe la Air Ambulance Kent Surrey Sussex limabweretsera odwala ku King's College, imafika pa makilogalamu 4,600 mpaka 4,800. Manambala amenewa ndi malire a pamwamba penipeni. Kulemera kololedwa ponyamuka padenga tsiku lotentha kumatha kukhala kocheperapo. Oyendetsa ndege, dokotala, wothandiza dokotala, zikwama za mankhwala ndi wodwala sangachepetsedwe, kotero chimene chimadulidwa ndi mafuta, ndipo mafuta akachepa mtunda umene ndege ingafike umachepanso. Pa 19 Julaye 2022, kutentha kubwalo la ndege la Heathrow mu London kutapitirira madigiri 40, kuwerengera kotere kunaleka kukhala nkhani ya maiko otentha okha. London ili ndi mwayi woti ili pafupi ndi msinkhu wa nyanja. Mumzinda ngati Johannesburg, umene uli mamita opitirira 1,700 kuchokera kunyanja, helikopita yomweyo imakhala yofooka kale dzuwa lisanawombe n'komwe.

Achibale amakhumudwa akauzidwa kuti sangakwere nawo, ndipo nthawi zina amaona ngati akunyozedwa. Kawirikawiri chifukwa chake ndi makilogalamu ndi kuchepa kwa malo ogwirira ntchito m'ndege, ndipo ndi udindo wathu kuwafotokozera zimenezo momveka m'malo mongonena kuti malamulo salola.

Bwalo lenilenilo lilinso ndi malire ake, olembedwa ndi penti pamwamba pake kuti woyendetsa awerenge ali m'mwamba. Nambala ina imasonyeza kutalika kwa helikopita yaikulu imene ingaterepo, kuyeza kuyambira kunsonga ya mapiko akutsogolo mpaka kumchira, ndipo ina imasonyeza matani amene bwalo lingasenze. Omanga sawerengera kulemera kwa ndege yongoima kokha, koma amawerengeranso kugunda kwa ndege yotera mwamphamvu injini itazima, kumene kumaposa kulemera kwake kwenikweni. Sikorsky S-92 ya gulu lopulumutsa anthu panyanja imalemera matani pafupifupi 12 ndipo ndi yaitali mamita pafupifupi 21, choncho bwalo lomangidwira ndege zing'onozing'ono silingailandire ngakhale wodwala ali m'katimo atakhala kayakaya.

Mphepo, utsi ndi mitambo

Mphepo ikagunda nyumba yaitali imachita ngati madzi a mumtsinje akagunda mwala: imapatuka, imakwera, ndipo kuseri kwake imazungulira n'kumabwerera. Pamphepete mwa denga mpweya umatha kukwera mwamphamvu, pamene mamita ochepa kuchokera pamenepo ukutsika, ndipo helikopita imene yachepetsa liwiro kuti itere ndi imene imavutika kwambiri ndi kusinthasintha kotere. Ichi n'chifukwa chake mabwalo a padenga amamangidwa pa nsanamira zachitsulo, mokwezeka kusiya mpata pakati pa bwalo ndi denga, kuti mphepo ina izidutsa pansi. Nzeru zambiri pankhaniyi zinachokera ku nsanja zokumbira mafuta za m'nyanja ya North Sea, zimene miyezo yake ili m'buku la CAP 437. Kumeneko anaona kuti mpweya wotentha wotuluka m'machumuni, ngakhale utangokweza kutentha ndi madigiri 2 okha pamwamba pa bwalo, uyenera kuwerengeredwa chifukwa umafooketsa injini mwadzidzidzi. Chipatala chachikulu chili ndi machumuni ake ambiri, a majenereta, a makina otenthetsera madzi ndi a makina oziziritsira nyumba, ndipo ambiri amatulukira padenga pomwepo.

Vutoli limabwereranso kuchipatala. Utsi wa helikopita umatha kukokedwa ndi makina olowetsa mpweya m'mawodi ndi m'zipinda za opaleshoni ngati zibowo zake zili pafupi ndi bwalo, ndipo maginito amphamvu a makina ojambulira m'thupi a MRI amatha kusokoneza kampasi ya ndege ngati makinawo ali pansi penipeni pa bwalo. Izi zimakonzedwa pojambula mapulani, ndipo zikaiwalika pamenepo zimadzakhala malire a tsiku ndi tsiku.

Woyendetsa amafuna kutera ndi kunyamuka atayang'ana kumene mphepo ikuchokera, koma njira zolowera ndi zotulukira pabwalo zinayezedwa kale poganizira nyumba zozungulira, ndipo ndi zochepa. Tsiku limene mphepo yamphamvu ikuchokera kumbali imene kulibe njira, ndege siitera, ngakhale kumwamba kuli mbee. Palinso malire a mphepo pozimitsa ndi poyatsa injini, chifukwa mapiko akamazungulira pang'onopang'ono amakhala olobodoka, ndipo mphepo ya mkuntho ikhoza kuwapinda mpaka kugunda mchira wa ndege kapena munthu woima pafupi.

Pa nkhani ya mitambo, kutalika kwa bwalo kumene kumaoneka ngati ubwino kumasanduka chopinga. Malamulo a maulendo a helikopita za odwala amene Britain inatengera ku Ulaya amalola kuuluka masana mitambo ikakhala pa mafiti 300 kapena kuposerapo, malinga ngati kutsogolo kukuoneka patali mokwanira, ndipo usiku amafuna mafiti 1,200. Mafiti 300 ndi mamita pafupifupi 91, pamene bwalo la Royal London lili pa mamita 87. Choncho pa tsiku limene helikopita ikanatha kunyamuka mu paki n'kudutsa pansi pa mitambo, ya padenga ikhoza kukhala ili kale m'chifunga, ndipo kukwera chobwerera m'mbuyo kuja kungailowetse m'mtambo bwalo n'kusowa m'maso mwa woyendetsa. M'nyengo yozizira palinso vuto la madzi oundana pa mapiko, limene mahelikopita ang'onoang'ono ambiri saloledwa kuuluka nalo.

Chifunga chikakumana ndi zomangamanga ngozi yake ndi yodziwika mu London. Pa 16 Januwale 2013 helikopita ya Agusta 109, imene sinali ya odwala, inagunda kireni yomangira nyumba ya St George Wharf Tower ku Vauxhall m'mawa wa chifunga, ndipo woyendetsa ndi munthu wina woyenda pansi anamwalira. Kwa ife oyang'anira mabwalo a zipatala, phunziro lake n'lakuti njira imene inayezedwa chaka chatha siikhala yotseguka mpaka kalekale. Kireni imodzi yoimikidwa pafupi ndi chipatala ikhoza kutseka njira yonse kwa miyezi, choncho chipatala chiyenera kumva za mapulani a nyumba zatsopano kukhonsolo zisanamangidwe, ndipo omanga ayenera kugwirizana nacho za kuyatsa magetsi pa kireni ndi kutsitsa mkono wake ndege ikamabwera. Ndaona kuti ntchito imeneyi ndi imene imasowa mwini kawirikawiri, chifukwa a zomangamanga m'chipatala amati ndi ya oyendetsa ndege, pamene oyendetsa ndege amati ndi ya eni bwalo.

Helikopita ya London's Air Ambulance imauluka masana okha, ndipo usiku imakagona kubwalo la ndege za asilikali la RAF Northolt pamene madokotala ake amayenda pa galimoto zothamanga. Chifukwa chachikulu si bwalo la padenga, limene lili ndi magetsi, koma malo oterapo kumene ngozi yachitikira, monga mapaki, mabwalo a masewero ndi mphambano, kumene mawaya ndi mitengo sizioneka mumdima. Komanso usiku misewu imakhala yopepuka ndipo galimoto siichedwa kwenikweni. Masana ndegeyi imagawana thambo ndi ndege zotera kumabwalo a ndege a Heathrow ndi London City, koma ikakhala pa ulendo wopulumutsa moyo oongolera ndege amaipatsa mpata poyamba, moti chopinga chimenechi n'chocheperapo poyerekeza ndi nyengo.

Moto pamwamba pa mawodi

Pansi pa bwalo la padenga pamagona odwala amene sangathawe okha, ndipo ichi chimasiyanitsa bwalo lotere ndi lina lililonse. Pa 29 Meyi 2008 helikopita ya odwala ya Sikorsky S-76 inagwa ikunyamuka padenga la Butterworth Hospital mumzinda wa Grand Rapids ku Michigan, ku America, piko lake la kumchira litagunda nsanja yachitsulo imene inali padengapo. Munalibe wodwala, ndipo anthu awiri amene anali m'katimo anatuluka amoyo, koma ndegeyo inayaka ndipo odwala a m'nsanjika za pamwamba anasamutsidwa. Ngoziyo inaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti kanthu kakang'ono koimikidwa padenga kakhoza kugwetsa ndege, ndiponso kuti mafuta oyaka akatayika amafuna njira yotsikira m'nyumba.

Pa chifukwa chimenechi bwalo la padenga limakhala ndi ngalande zake zotengera mafuta ndi thovu kutali ndi nyumba, njira ziwiri zotulukira kuti imodzi ikatsekedwa ndi moto ina ikhalepo, ndi ukonde wotuluka kunja kuzungulira mphepete monse m'malo mwa mpanda, popeza mpanda woimirira ungakhale chopinga kwa ndege. Ku Royal London kumakhala ozimitsa moto akeake amene amaima chire nthawi iliyonse ndege ikamanyamuka kapena kutera. Ku King's College anaika makina otchedwa DIFFS, amene timipope take tili m'kati mwa bwalo lenilenilo ndipo timapopera pamalo onse m'masekondi ochepa, popanda kutuma munthu kuyandikira moto. Makinawa amachepetsa chiwerengero cha anthu ofunika padenga, koma sathetsa kufunika kwa munthu wophunzitsidwa woti ayang'ane bwalo, ayatse magetsi, ndi kuthandiza otuluka m'ndege.

Apa pali malire amene anthu akunja sawaganizira. Ngati ogwira ntchito yozimitsa moto palibe, kapena pampu ya madzi ikukonzedwa, bwalo limatsekedwa ngakhale nyengo ili bwino ndipo ndege ili kale m'njira. Chipatala chimene chikufuna kuti bwalo lake ligwire ntchito maola 24 chiyenera kulipira anthu amenewa maola 24, masiku onse a chaka, kudikira ndege imene mwina siibwera usiku umenewo. Ndalama zomangira bwalo zimapezeka msanga chifukwa anthu amakonda kupereka pa chinthu chooneka, koma malipiro a wodikira usiku alibe woimbira m'manja.

Chimphepo cha mapiko ndi anthu oyandikana nalo

Helikopita imayandama pokankhira mpweya pansi, ndipo ndege ikakhala yolemera chimphepo chake chimakulanso. Pa 4 Malichi 2022 helikopita ya S-92 ikutera pa Derriford Hospital ku Plymouth, chimphepo chake chinagwetsa anthu amene ankadutsa pamalo oimikapo galimoto pafupi ndi bwalo, ndipo mayi wina wa zaka 87 anamwalira pamene wina anavulala kwambiri. Ofufuza ngozi za ndege a Air Accidents Investigation Branch anatulutsa lipoti lawo mu Novembala 2023, ndipo anapeza kuti chiopsezo cha chimphepo kwa anthu oyenda pansi sichinaunikidwe mokwanira, komanso kuti eni bwalo ndi oyendetsa ndege sankamvana bwino za amene ayenera kuteteza malo ozungulira. Bwalo limenelo silinali la padenga, ndipo wina anganene kuti kukweza bwalo pamwamba ndiye mankhwala ake. Zimathandizadi, chifukwa chimphepo chimafika pansi chitafooka, koma chimapeza zina zoti chiwononge, monga mazenera, zotchingira kunja kwa makoma, nsanja za amisiri okonza nyumba ndi chilichonse chosiyidwa padenga. Ku Royal Sussex County Hospital ku Brighton, bwalo lomangidwa pamwamba pa Thomas Kemp Tower linakhala zaka zingapo osagwiritsidwa ntchito, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali mantha akuti chimphepo chingasosole zotchingira kunja kwa nyumbayo.

Malire ena sachokera ku ndege kapena ku nyengo, koma kukhonsolo. Bwalo la King's College litatsegulidwa, chilolezo chake chinali cha maola a masana ndi madzulo okha, chifukwa chipatalacho chazunguliridwa ndi nyumba zogona anthu. Chonsecho, bungwe la Air Ambulance Kent Surrey Sussex linali litayamba kale kuuluka usana ndi usiku mu 2013. Zotsatira zake zinali zakuti munthu wovulala pakati pa usiku ku Kent ankatha kufikiridwa ndi helikopita, koma ndegeyo siinkaloledwa kumutsitsira padenga la chipatala chimene chinali chokonzeka kumulandira. Mu 2019 khonsolo ya Lambeth, dera limene kuli chipatalachi, inalola kutera usiku, ndipo King's College inakhala yoyamba mwa zipatala zinayi zija kulandira helikopita maola onse.

M'maganizo mwanga, si bwino kuwatenga odandaula za phokoso ngati anthu opanda chifundo. Helikopita yotera 3 koloko m'bandakucha imadzutsa msewu wonse, ndipo imadzutsanso odwala a m'mawodi amene ali pansi pa bwalo. Chimene chimathandiza ndi chilungamo: kusunga kaundula wa maulendo onse a usiku, kuonetsa kuti ulendo uliwonse unali wa munthu amene moyo wake unali pachiswe, kuzimitsa injini msanga ndege ikatera, ndi kusagwiritsa ntchito chilolezo cha usiku pa maulendo amene akanadikira kucha. Chilolezo choperekedwa ndi khonsolo chikhoza kuunikidwanso, ndipo chipatala chimene chilibe kaundula wotere chimakhala chilibe choyankha.

Kuchokera padenga kufika kuchipinda cha ovulala

Mphindi 5 zimene zimatchulidwa sizibwera zokha. Foni yochenjeza ikalira, munthu mmodzi amapita kukagwira chikepe ndi kiyi kuti chisaime pa nsanjika ina iliyonse, wina amayendera bwalo kuchotsa chilichonse chimene chingauluke, ndipo gulu lolandira wodwala limadikira kuseri kwa chitseko litavala zotseka m'makutu, lopanda zipewa, mapepala kapena nsalu zolendewera. Nsalu imodzi yofunditsa wodwala ikalowa m'mapiko kapena polowera mpweya wa injini ikhoza kuimitsa ndege pabwalopo kwa masiku, ndipo bwalo lokhala ndi ndege yowonongeka ndi bwalo lotsekedwa mpaka amisiri ataikonzera pomwepo kapena kuitsitsa ndi kireni. Palibe amene amaloledwa kuyandikira woyendetsa asanapereke chizindikiro, ndipo woyandikira amadzera kutsogolo kapena kumbali kumene woyendetsa akumuona, osati kumchira.

M'chikepe ndi mmene wodwala amakhala pa malo ovuta kwambiri, chifukwa malo ndi ochepa ndipo mtima ukaima pamenepo anthu awiri kapena atatu okha ndi amene angamufikire. Chikepe chikawonongeka, bwalo lonse limakhala lopanda ntchito, pakuti munthu wogona pa machira ndi makina opumira sangatsitsidwe pa masitepe a nsanjika 10 kapena 17. Palinso vuto la ndege ziwiri kufika nthawi imodzi, monga zimachitikira pa ngozi yaikulu. Yoyamba iyenera kutsitsa wodwala n'kuchoka msanga, nthawi zina kusiya dokotala wake m'chipatala kuti adzamutenge pambuyo pake, pamene yachiwiri ikuzungulira m'mwamba ikuwerengera mafuta ake.

Zonsezi zikusonyeza chifukwa chake malo otera a pansi sayenera kuiwalika bwalo la padenga likatsegulidwa. Chipatala chiyenera kukhala ndi malo achiwiri oyezedwa kale, mgwirizano ndi eni malowo wa amene amasunga makiyi a geti usiku, ndi dongosolo lotumizira ambulansi kumeneko ndege isanafike. Chiyeneranso kukhala ndi munthu mmodzi wodziwika amene amauza mabungwe onse a helikopita nthawi yomweyo bwalo likatsekedwa, chifukwa dokotala amene ali pamalo a ngozi amasankha njira potengera uthenga umenewo. Akadziwa msanga kuti padenga sipatereka, akhoza kupita ndi wodwala pamsewu iye ali m'ambulansi momwemo, monga mmene madokotala a London's Air Ambulance amachitira ndi odwala awo ambiri, kapena kulunjika kuchipatala china chimene bwalo lake lili lotseguka. Akadziwa ali kale m'mwamba pafupi ndi chipatala, wodwala amataya mphindi zozungulira, mphindi zodikira ambulansi mu paki, ndi mphindi 25 zija zimene bwalo la padenga linamangidwira kuti lichotse.